Rebel MC anasiya kutchuka kuti akhale mwini wa ng'oma yake

Akonzi,

Choyamba ndithokoze chifukwa cha danga limene mumapereka kwa ife owerenga, kuphatikizapo ife amene tili kutali ndi kwathu ndipo nyuzipepala yanu timaipeza pa intaneti. Ine ndakhala kumpoto kwa mzinda wa London kuyambira m'chaka cha 1990, ndipo chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi chizolowezi chimene ndimachiona m'masamba a zamsangulutso, kwathuko ngakhalenso kuno. Tikamalemba za woimba timathamangira nkhope yake, zovala zake ndi kuchuluka kwa anthu amene aonera kanema wake, koma sitifunsa kuti ng'oma imene akuvinitsa nayo anthuyo anaisema ndani, ndiponso kuti pamapepala mwini wake wa nyimboyo ndani. Ndikufuna kufotokoza za munthu mmodzi wa kuno ku Britain amene ntchito yake yonse yazungulira pa mafunso awiri amenewa. Dzina lake ndi Michael West. Achikulire amamudziwa ndi dzina loti Rebel MC, pamene achinyamata a masiku ano amamutcha Congo Natty.

Ndiyambe ndi mawu akuti MC, pakuti kwathu tikatero maganizo amapita kwa mkulu woyendetsa mwambo wa ukwati, uja amaitana akuchimuna ndi akuchikazi kuti abwere kutsogolo ndi ndalama za perekaniperekani. Kuno mawuwa ali ndi mbiri ina, ndipo mizu yake ili ku Jamaica. Sitima ya Empire Windrush itakocheza padoko la Tilbury mu 1948, anthu a kuzilumba za Caribbean anayamba kubwera ochuluka kudzagwira ntchito m'mabasi, m'sitima zapamtunda, m'zipatala ndi m'mafakitale. Malo ambiri achisangalalo sankawalandira chifukwa cha khungu lawo, choncho iwo ankadzikhomera okha mabokosi a masipika aakulu ngati makabati, n'kumawanyamulira m'zipinda zapansi pa nyumba ndi m'maholo a m'madera mwawo. Gulu lokhala ndi zida zoterezi limatchedwa sound system. Pagulupo pamakhala munthu wosankha mbale zoti ziimbidwe, wina woyang'anira zida kuti besi izimveka mpaka m'chifuwa, ndi wina wogwira maikolofoni amene amalakatula motsatana ndi kugunda kwa nyimbo, kuchemerera ovina, kunyogodola magulu opikisana nawo ndi kunena za zimene zikuchitika m'dera. Ameneyu ku Jamaica amamutcha deejay, koma ku Britain dzina la MC ndilo linakhazikika. M'zaka za m'ma 1980 gulu la Saxon la ku Lewisham, kumwera kwa London, linatulutsa akatswiri monga Smiley Culture ndi Tippa Irie, amene ankalakatula mothamanga kwambiri, akusakaniza kalankhulidwe ka ku Jamaica ndi ka mumzinda muno. Ntchitoyi inali yolemekezeka, komabe inali ndi kufooka kwake, chifukwa MC ankadalira mbale za eni ake ndi zida za eni ake, ndipo kukacha ankabwerera kunyumba ndi mawu osasa komanso kandalama kochepa.

West anabadwa m'zaka za m'ma 1960 kwa bambo a ku Jamaica ndi mayi a ku Wales, ndipo anakulira ku Tottenham, dera limene inenso ndakhalamo zaka zambiri. Amene amalimva dzinali chifukwa cha timu ya mpira yokha mwina sadziwa kuti ili ndi dera la anthu ovutika ochokera m'mitundu yosiyanasiyana, ndiponso kuti masiku amenewo achinyamata akuda ndi apolisi ankaonana ndi diso lofiira. Mu Okotobala 1985 mayi Cynthia Jarrett anamwalira apolisi akuchita chipikisheni m'nyumba mwawo, ndipo tsiku lotsatira kunabuka zipolowe panyumba zosanja za Broadwater Farm, pomwe wapolisi Keith Blakelock anaphedwa. Amuna atatu anagamulidwa kuti ndiwo anapha, koma mu 1991 bwalo la apilo linafafaniza chigamulocho zitaoneka kuti umboni wa apolisi unali wosadalirika. Ndatchula zimenezi chifukwa munthu sangamvetse mawu a m'nyimbo za mkuluyu, ngakhalenso dzina lakelo loti Rebel, lomwe limatanthauza woukira, popanda kudziwa nthaka imene anamerapo.

Kutchuka kunamupeza mofulumira. Mu 1989 anagwirizana ndi anyamata atatu a gulu la Double Trouble, omwe ndi Karl Brown, Leigh Guest ndi Michael Menson, ndipo anatulutsa nyimbo ziwiri zimene zinagwira dziko lonse. Yoyamba, "Just Keep Rockin'", inafika pa nambala 11 pamndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo yachiwiri, "Street Tuff", inakwera mpaka pa nambala 3. Iyi inali nthawi imene chamba cha house, chochokera ku Chicago, chinali chitapenga nacho dziko lino, achinyamata zikwizikwi akukhamukira m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'minda kukachezera gule usiku wonse. Chimene anyamatawa anachita ndi kutenga besi ya nyimbo zakale za ku Jamaica, zija ankavina makolo awo, n'kuiyala pansi pa kugunda kwa house, Rebel MC n'kumalakatula pamwamba pake. Anaonekera pa Top of the Pops, pulogalamu ya wailesi yakanema ya BBC imene mabanja ankaonera mlungu uliwonse, ndipo mnyamata wa ku Tottenham anadziwika mpaka m'midzi ya ku Scotland. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anzake ena oimba hip hop ankamunyoza kuti wagulitsa luso lake ndipo akuimba zotsekemera pofuna kusangalatsa wailesi zikuluzikulu. Aliyense wodziwa malonda a nyimbo angavomereze kuti njira imene inali itamutsegukira inali yobwereza zomwezo chaka ndi chaka kufikira anthu atatopa naye n'kumuiwala, monga zinachitikira ambiri amene anawala naye limodzi chaka chimenecho.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga. M'malo mokakamira malo amene anali atawapeza, iye anatembenuka n'kubwerera kumene anachokera. Chimbale chake cha mu 1991 anachitcha Black Meaning Good, ndipo dzina lokhalo linali kale kutsutsa chilankhulo chimene chimagwiritsa ntchito mawu akuti "chakuda" ponena za chilichonse choipa. M'chimbalemo anaitana oimba reggae enieni, monga Tenor Fly wa kumwera kwa London ndi Barrington Levy wa ku Jamaica, ndipo m'nyimbo ngati "The Wickedest Sound" ndi "Tribal Base" mukumveka chinthu chimene nthawi imeneyo chinalibe dzina, koma pambuyo pake chinadzatchedwa jungle: ng'oma zoduladula zothamanga, besi yolemera ya dub (mtundu wa reggae wotsindika ng'oma ndi besi), ndi mawu a ragga (kulakatula kwa m'magule a ku Jamaica). Mu 1992 anatulutsa chimbale china, Word, Sound and Power, ndipo m'nyengo yomweyo anakhala ndi kampani yakeyake yotulutsa nyimbo yotchedwa Tribal Bass, imene pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi ya Congo Natty. Kuchokera pamenepo mawu ake anayamba kuchepa m'nyimbo zake. Munthu amene dziko linamudziwa chifukwa cha pakamwa anasamukira kuseri, pa tebulo losakanizira mawu, n'kumapatsa ena maikolofoni. Nyuzipepala zikuluzikulu za kuno zinaona ngati wazimirira, pakuti nazonso zinkayang'ana nkhope zokha, koma m'misewu ya kumpoto ndi kum'mawa kwa London aliyense wokhala ndi khutu ankadziwa kuti ntchito yake yeniyeni inali itangoyamba kumene.

Ine ndinafika kuno zimenezi zili pakalapakala. Ndinachoka kwathu dziko lonse lili ndi wailesi imodzi yokha ya MBC, wailesi yakanema kulibe, ndipo nyimbo zinkaunikidwa ndi boma zisanamveke. Tsono taganizirani kudabwa kwanga pamene Loweruka lina usiku, ndili m'kachipinda kanga ka lendi kufupi ndi Seven Sisters ku Tottenham, ndinapotokola kawailesi kanga n'kupeza kuti pakati pa wailesi za BBC pali zina zambirimbiri zopanda chilolezo. Anyamata ankakwera padenga la nyumba zosanja zitalizitali usiku n'kumangirira mlongoti, situdiyo ili m'khitchini ya nyumba ina patali, kuti akuluakulu a boma akabwera kudzalanda apeze mlongoti wokhawo. Yotchuka kwambiri inali Kool FM, imene inayamba mu 1991 ku Hackney, kum'mawa kwa London. Pawailesi zimenezi MC ankalandira mauthenga a omvera, kupereka moni m'madera osiyanasiyana ndi kulengeza kumene kukhale gule, ndipo nyimbo ikawagwira mtima anthu, ankafuula kuti DJ aibweze kuchokera poyambira. Sindinamvetse zimene ndinkamvazo tsiku loyamba, chifukwa ng'omazo zinkathamanga ngati matalala padenga la malata. Chimene chinandigwira chinali besi, pakuti inali ija ndinkaidziwa kale m'makaseti a reggae amene tinkabwerekana kusukulu.

Ndiloleni ndifotokoze pang'ono momwe nyimbo za jungle zimapangidwira, chifukwa ambiri amaganiza kuti nyimbo za makina zimadzipanga zokha. Wopanga nyimbo ankatenga kachigawo kakang'ono ka mbale yakale, pamene zida zina zonse zakhala chete ndipo woimba ng'oma watsala yekha, n'kukajambulira m'makina otchedwa sampler, makamaka a kampani ya Akai. Kenako ankakadula tizidutswa, kugunda kulikonse pakokha, n'kutisanja mwatsopano pakompyuta, nthawi zambiri ya Atari, mpaka patuluke kaimbidwe kamene munthu wa manja awiri sangakakwanitse. Makinawo ankasunga mawu a masekondi ochepa okha, motero kachidutswa kalikonse kankafunika kukasankha mosamala, ndipo nyimbo imodzi inkatha kudya masiku angapo. Nyimbo za house zimagunda pafupifupi ka 120 pa miniti, pamene jungle imagunda ka 160 mpaka 170. Luso lalikulu lili poti besi imayenda pa theka la liwiro limenelo, ndiye kuti pa liwiro la reggae. Wovina amasankha yekha: wachinyamata amatsata ng'oma ndi mapazi, wachikulire amatsata besi ndi chiuno, ndipo onse ali m'nyimbo imodzi. Woimba wa ragga nayenso amatha kuimba pa liwiro lake la nthawi zonse popanda kupanikizika. Kwa munthu wokulira pakati pa ng'oma zathu zimenezi sizachilendo kwenikweni, chifukwa nafenso pabwalo timamva ng'oma yaikulu ikuyenda modekha pamene zing'onozing'ono zikuthamanga pamwamba pake. Apa m'pamene ndimaona kuti kukhala kwake MC kunamuthandiza West kukhala wopanga nyimbo wabwino. Munthu amene waima zaka zambiri pamaso pa ovina amadziwa malo amene mawu amafuna mpata, nthawi imene besi iyenera kuzimirira kuti anthu aiyembekezere, ndi nthawi imene iyenera kugwa kuti holo yonse ikuwe.

Ngakhale dzina loti jungle anthu ambiri a m'gululi amaligwirizanitsa ndi iye. MC Navigator wa ku Kool FM anafotokozapo kuti Rebel MC anatenga mfuu yotchula "junglist" pa tepi ya gule wina wa ku Kingston, likulu la Jamaica, kumene mawuwa ankanena za anthu a dera lina la mumzindawo lotchedwa Jungle, ndipo ovina a ku London atamva mfuuyo anayamba kutcha nyimbozo dzina lomwelo. Sindikunena kuti munthu mmodzi ndiye anabala chamba chonsechi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kunali Shut Up and Dance ndi Ragga Twins ku Hackney, kunali Lennie De Ice, kunali Fabio ndi Grooverider pa gule wa Rage, ndi ena ambiri. Koma pa mbali yolumikiza ng'oma zatsopanozi ndi reggae ya mizu, yokhala ndi uthenga, palibe amene angatsutse kuti iye anali m'gulu la otsogolera.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri ndi chakuti m'zaka zimenezo anabisa ngakhale dzina lake. Ankatulutsa nyimbo pansi pa maina monga Conquering Lion, X Project, Blackstar ndi Tribe of Issachar. Nyimbo ya "Code Red", ya "Champion DJ" imene anaimba Top Cat, ndi ya "Junglist" imene anaimba Peter Bouncer zinavinidwa ndi anthu ochuluka amene sankadziwa kuti kuseri kwake kuli munthu yemwe uja anamuona pa BBC mu 1989. Malonda akewonso anali achilendo. Nyimbo ikatha, inkayamba yadindidwa pa mbale imodzi yapadera yotchedwa dubplate, imene inkaperepeseka ikaimbidwa kangapo, ndipo ambiri ankakadinditsa pamalo otchedwa Music House kumpoto kwa London, pomwe opanga nyimbo ankakumana pamzere n'kumamverana ntchito. DJ mmodzi kapena awiri okha ndiwo ankapatsidwa mbaleyo, anthu n'kumaifunafuna kwa miyezi, kenako n'kudindidwa zochuluka zimene zinkaperekedwa m'masitolo ang'onoang'ono pagalimoto. Palibe bwana wa kampani yaikulu amene ankalamula kuti mawu awa achotsedwe kapena besi ichepetsedwe. Phindu linali lochepa poyerekeza ndi la nyimbo ya pa nambala 3, koma linkafika m'manja mwa mwini wake.

M'chaka cha 1994 jungle inatuluka poyera. Nyimbo ya M-Beat ndi General Levy yotchedwa "Incredible" inalowa m'gulu la nyimbo khumi zogulidwa kwambiri, makampani aakulu anabwera ndi mapepala oti anthu asaine, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lopatsa apolisi mphamvu zobalalitsa magule a panja oimba nyimbo zogunda mobwerezabwereza. Panabukanso mkangano pamene ma DJ ena anagwirizana zosiya kuimba nyimbo ya General Levy, atakwiya ndi zimene ananena m'magazini ina zosonyeza ngati iye ndiye akulamulira chambachi. Pasanathe zaka zitatu zinthu zinasintha. Nyuzipepala ndi eni malo achisangalalo anayamba kugwirizanitsa jungle ndi ziwawa, mawu a ragga anayamba kuchotsedwa m'nyimbo, ndipo dzina loti drum and bass ndilo linayamba kukondedwa. Sindikunyoza zimene zinatuluka pamenepo, chifukwa chimbale cha Goldie cha mu 1995 ndi cha Roni Size ndi gulu la Reprazent, chimene chinapata mphoto ya Mercury mu 1997, ndi ntchito zapamwamba zedi. Komabe ife amene tinalipo tinaona kuti pamene nyimbozi zinkalandiridwa m'malo olemekezeka, mawu a ana a ku Jamaica amene anazibala ankatsalira pakhomo. Congo Natty sanasinthe dzina la nyimbo zake ndipo sanachotse reggae. Anapitiriza kunena kuti zimene amapanga ndi jungle, ngakhale m'zaka zimene mawuwa ankaoneka ngati achikale.

Sindingalembe za anthu amenewa osatchula Michael Menson, mnzake uja wa mu Double Trouble, mwana wa kazembe wa dziko la Ghana. Mu Januwale 1997 anthu anamuyatsa moto pamsewu ku Edmonton, kufupi ndi kuno, ndipo anamwalira m'chipatala mwezi wotsatira. Ngakhale iye mwini asanamwalire anauza abale ake kuti anachita kutenthedwa, apolisi poyamba anatenga nkhaniyi ngati ya munthu wodzitentha yekha. Linali khama la banja lake limene linachititsa kuti mlanduwo ufufuzidwenso, ndipo olakwa anagamulidwa mu 1999. Amene amaona ngati mawu a West onena za chilungamo ndi ongokometsera nyimbo akumbukire kuti zimenezi zinagwera munthu amene anaima naye pansanja imodzi.

Mbali ina imene owerenga a kwathu angaimve mosavuta ndi ya chikhulupiriro. West ndi mRasta, anapita ku Ethiopia, ndipo amadziwikanso ndi dzina loti Mikail Tafari. Dzina lija ndatchula la Conquering Lion sanalisankhe mwangozi, pakuti ndi lochokera m'mayina aulemu a mfumu Haile Selassie, yomwe inafika ku Malawi mu 1965, ndipo mpaka lero paphiri la Zomba pali malo otchedwa Emperor's View pamene maRasta a kwathu amakwera kukakumbukira ulendowo. Dziko lathu limakonda reggae kuposa maiko ambiri a m'chigawo chino cha Africa, ndipo ndani sadziwa zimene Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries la ku Chileka anachita? Tikudziwanso mtengo umene anthu a chikhulupirirochi alipira, kuchokera pa nthawi imene mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza kufikira mu 2023, pamene bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti ana a tsitsi lopotana azilandiridwa m'sukulu za boma. N'chifukwa chake zimandiwawa kumva anthu akunena kuti nyimbo za dansi za ku Britain ndi za azungu ndipo sizitikhudza. Nthambi iyi ya jungle inamera pa tsinde lomwelo limene linabala nyimbo zimene timavina ku Chileka ndi ku Ndirande.

Panadutsa zaka zambiri asakuoneka kawirikawiri pansanja, koma mu 2013 anatulutsa chimbale cha Jungle Revolution kudzera ku kampani ya Big Dada, ndipo amene anasakaniza mawu ake ndi Adrian Sherwood, katswiri wa dub wa kampani ya On-U Sound. M'chimbalemo muli nyimbo yotchedwa "UK Allstars", mmene anasonkhanitsa Tenor Fly, Top Cat, General Levy, Tippa Irie, Sweetie Irie ndi Daddy Freddy. Kwa munthu wosadziwa mbiriyi amenewa ndi maina chabe, koma ife amene takhala tikuwamva kwa zaka zambiri tinaona mbadwo wonse wa ma MC a sound system utakhala pa mphasa imodzi, kuphatikizapo uja anasalidwa mu 1994. Zimenezi angazichite ndi munthu yekhayo amene ali ndi situdiyo, kampani ndi ulemu pakati pa anzake. Tenor Fly, amene anayenda naye kuyambira mu 1991, anamwalira mu 2016, ndipo ndimathokoza kuti mawu ake anajambulidwa ndi munthu amene ankamudziwa ndi kumulemekeza. Mu 2022 Congo Natty anatulutsanso chimbale cha Ancestorz, nthawi imene achinyamata a kuno, monga Nia Archives, anali atayambiranso kunyadira dzina la jungle.

Pofuna chilungamo, ndiyenera kuvomereza kuti chambachi chili ndi ngongole yake. Kachigawo ka ng'oma kamene kanagwiritsidwa ntchito koposa onse ndi ka masekondi pafupifupi 7, kochokera m'nyimbo ya mu 1969 ya gulu la ku America la The Winstons yotchedwa "Amen, Brother". Woimba ng'omayo, Gregory Coleman, anamwalira mu 2006 ali wosauka, osalandirapo kanthu pa nyimbo zikwizikwi zimene zinamangidwa pa manja ake, ndipo mtsogoleri wa gululo, Richard Spencer, anadzalandira ndalama mu 2015 anthu akufuna kwabwino atachita kusonkherana. Oimba ambiri a ku Jamaica nawonso anamva mawu awo m'nyimbo za ku London popanda wowapempha. Choncho anthu omwewo amene ankamenyera umwini wa ntchito zawo ankadyanso thukuta la ena. Ndikuvomerezanso kuti si woimba aliyense angathe kusiya ndalama zooneka n'kutsata njira yaitali, makamaka amene akudyetsa banja lonse ndi nyimbo imodzi. Koma nkhani ya Coleman ikungolimbitsa mfundo yanga, chifukwa iye anafa chimanjamanja kaamba koti dzina lake silinalembedwe pamalo pamene ndalama imadutsa, ndipo panalibe wolemba nkhani amene anafunsa za iye nthawi idakalipo.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi losavuta. Atolankhani anu akamalemba za nyimbo yatsopano, atiuze amene waipanga, situdiyo imene yajambulidwira, ndi amene walembetsa umwini wake ku bungwe la COSOMA. Apite akacheze ndi anyamata ndi atsikana amene amachezera pakompyuta m'tizipinda ta ku Chilomoni, ku Area 25 ndi ku Chibavi, amene maina awo timangowamva mwa kamphindi kumayambiriro kwa nyimbo. Akamafunsa achinyamata olakatula pa maikolofoni, awafunsenso ngati akuphunzira kupanga okha ng'oma zawo, ndiponso ngati anawerenga pepala limene anasaina. Ndipo tsiku lina mudzapereke tsamba lathunthu ku mbiri ya jungle ndi ya Michael West, kuti wokonda reggae wa ku Malawi amve kumene besi yake inakafika itawoloka nyanja kawiri. M'nyumba mwanga muno ndikusungabe mbale zingapo za m'zaka zimenezo, zina zopanda chithunzi ngakhale dzina la woimba, zongolembedwa ndi cholembera pa kapepala koyera ka pakati. Ngati mtolankhani wanu angafune kuzimva polemba nkhaniyo, ndine wokonzeka kudzabwera nazo ulendo wanga wotsatira wa kumudzi.

Ndine wowerenga wanu wokhulupirika,
wa ku Tottenham, London